Amwenye a ku Canada ndi masamusa a mayi anga

Ndikukumbukira fungo la masamusa m'basi yopita kusukulu, ndipo mpaka lero ndikalimva mtima umandiwawa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, titangotha miyezi yochepa ku Dublin, tikukhala m'nyumba ya m'mwamba ku Ongar. Chizungu changa chinali cha m'buku, cha anzanga chinkangondipyola m'makutu.

Aphunzitsi athu, mayi wamtali wonunkhira khofi, anatipatsa ntchito yofufuza za dziko la Canada. Aliyense anatola kapepala m'chipewa. Wina anapeza mapiri, wina nyanja zikuluzikulu, wina azungu oyamba kuyenda m'mitsinje ya kumeneko. Kanga kanalembedwa kuti "The Indians of Canada". Lachisanu makolo anayenera kubwera kudzamvetsera.

Kunyumba ndinapereka kapepalako kwa mayi anga. Kwathu ku Limbe iwo anali mphunzitsi wa pulayimale, koma kuno ankasambitsa okalamba. Homuweki yanga ndiyo inali kalasi yawo yokhayo yotsala, ndipo ankaigwira ndi manja awiri.

"Indians? Amwenyetu amenewo," anatero. "Iwe wakulira ku Limbe, ukudabwa za Amwenye? Tenga cholembera."

Tinalemba masamba anayi. Kulaibulale sitinapite, poti munthu safufuza chimene akuchidziwa kale. Tinafotokoza kuti Amwenye a ku Canada ali ndi masitolo a nsalu, amakonda tsabola, ndipo pa malonda suwapusitsa. Mayi anasinthana shifiti ndi mnzawo, anakazinga masamusa odzaza beseni, ine n'kundikulunga nsalu yofiira kuti ndioneke ngati mtsikana wachimwenye.

Lachisanu ndinaima kutsogolo, nsalu ikuterereka paphewa. Ndisanamalize tsamba loyamba, kumbuyo kunabuka phwete, kenako kalasi yonse, ndi makolo omwe. Aphunzitsi anandidula. Anatsegula buku lakale n'kuonetsa chithunzi cha munthu wovala nthenga kumutu, nati awa ndiwo ankanena. Kenako anatembenukira kwa mayi anga, n'kulankhula pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi mwana, kuti kholo lizithandiza homuweki pokhapokha ngati lamvetsa funso.

Mayi anali pakampando kakang'ono ka ana, beseni lili pamiyendo. Oseka aja masamusa anadya ndithu, osasiya ndi imodzi yomwe.

Kuyambira tsiku limenelo mayi sanakhudzenso kope langa. Ndikawabweretsera masamu, omwe ankawadziwa kuposa aphunzitsi aja, ankangoti, "Kafunse kusukulu, ine ndine wosambitsa anthu." Chimene ndinataya Lachisanu lija si malikisi ayi.

Nditakula ndinawerenga ndekha za dziko lija, ndipo m'pamene mkwiyo unandigwira zenizeni. Anthu a nthenga aja sanadzitchepo Amwenye. Ali ndi mayina awo: Akree, Amohoki, ndi mitundu ina yambirimbiri, ndipo kumpoto kozizira kulinso anthu ena, Ainuiti. Dzina lija linabwera ndi mkulu wina wa pangalawa amene anasochera panyanja, n'kufika kutsidya lija akuganiza kuti wafika ku India. M'malo movomera kuti wataya njira, anasintha dzina la eni dziko. Obwera pambuyo pake analanda malo, kenako ana, kuwatsekera m'sukulu zogonera komweko, kuwameta ndi kuwaletsa chilankhulo chawo.

Tsono tandiuzani. Munthu wosochera ndi nyanja yathunthu anamuika m'mabuku ngati ngwazi, kulakwitsa kwake n'kumaphunzitsidwa m'kalasi. Mayi anga, amene anamva "Indians" n'kuganiza za anthu a ku India, ndiwo anakhala mbuli? Mwa anthu onse m'chipinda chija, iwo okha ndiwo anaika mawuwo pamalo pake.

Zinthu zasintha tsopano. Mwezi watha mwana wanga wamkazi anabwera ndi homuweki ya Canada yomweyo. M'buku lake mawu aja mulibe, alembamo "First Nations", kutanthauza mitundu yoyamba. Anawachotsa mwakachetechete, popanda wobwera kudzapepesa kwa mayi wa beseni uja.

Ndinawerengera mayi tsambalo tili kukhitchini, n'kuwauza za mkulu wa pangalawa. Anapukuta manja.

"Ndiye wosamva funso anali ndani?" anatero. Kenako anavala magalasi, n'kukokera kope la mdzukulu wawo pafupi.