Mapepala a m'Sutikesi ya Malemu

Sukulu ndinasiyira mu giredi teni, chifukwa chake musandifunse. Ntchito anandipezera ndi azakhali anga, amene amagulitsa tomato pafupi ndi shopu ya a Yusufu ku Katete. A Yusufu ankafuna mtsikana wotayipa. Anandilozera kompyuta yakale, pulinta ndi sikana yojambulira mapepala, nati, "Magetsi akabwera usamacheze."

Ambiri ankabwera kudzatayipitsa makalata ofunsira ntchito. Osiyana nawo anali a Phiri, mphunzitsi wopuma, mkamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi Mkaika. Iwo anali atamasulira m'Chichewa, kuchokera ku Chingerezi, buku la munthu wanzeru wa ku Tchaina wakalekale, lonena za kulemekeza makolo ndi kusunga mwambo. Lonse analilemba pamanja.

Ankabweretsa mutu umodzi basi. Ndikatayipa, ankauwerenga akulondola ndi chala, kenako ndinkautumiza pa imelo kwa osindikiza mabuku ku Lusaka. Mayankho ndinkawapulinta ndi zilembo zikuluzikulu. Anthu a ku Lusakawo ankanditopetsa. Lero akufunsa amene angagule buku lotere ku Chipata, mawa akufuna mawu oyamba afupikitsidwe. A Phiri ankayankha mofatsa, masamba ndi masamba, ine msana ukuwawa. Mapeto ake mkonzi analemba mwachidule kuti mitu yotsala ifike mvula isanagwe, apo ayi bukulo alisiya.

Ndinawauza a Phiri kuti abweretse mulu wonsewo ndiudutsitse pa sikana kamodzi. Anakana. Anati mapepalawo amasunga ndi akazi awo, anaBanda, m'sutikesi yawo ya zitenje poopa chiswe, ndipo popeza mayiwo anali chigonere, sakanamawadzutsa kufuna kiyi. Ulendo wotsatira anabwera chimanjamanja, kolala yakuda, maso ofiira. Kenako anasiya kubwera.

Maliro a anaBanda atapita, a Phiri anandiimbira pa foni yobwereka. Anati ndifike tsiku lometa, pamene abale amagawana katundu wa malemu, ndipo nditenge foni yojambula. A Yusufu anandilola, koma anandichenjeza kuti pamudzi pa eni ndisakatsegule pakamwa.

Ndinapeza sutikesi ili kale pamphasa, panja. Wogawa anali a Gelesomu, mlongo wawo wa malemu, mwini mbumba. Zitenje zinapita, nsapato zinapita, yunifomu ya chigwirizano anaipereka kwa amayi a mpingo. Pansi penipeni panatsala mapepala omanga ndi mphira.

Ndinagwada n'kupempha kuti ndingowajambula, sindichotsa ngakhale limodzi. A Gelesomu sanandiyang'ane. Anafunsa anthu kuti mwana ameneyu ndi wa yani. Kenako anati zonse zotuluka m'sutikesimo ndi za mlongo wawo, mlendo sakhudza, ndipo mkamwini alibe mawu pa katundu mpaka atamusudzula.

Ndinatembenukira kwa a Phiri. Anali atakhala poteropo, mutu wometa kumene, manja ali pamaondo. Akanangonena kuti ndi zolemba zawo, mwina wina akanamva.

"Khala pansi, mwanawe," anatero. "Lero si tsiku langa lolankhula."

Aliyense amene analira maliro amayenera kutengako kanthu. Amene zitenje sizinawakwanire anapatsidwa mapepala, uyu pang'ono, uyo pang'ono. Sanachite mwankhanza ayi, ndipo ndicho chinandiopsa. Ndikunyamuka ndinaona bambo wina kuseri kwa nkhokwe akung'amba tsamba bwinobwino, n'kuyalapo fodya, n'kunyambita m'mphepete.

Atawasudzula, a Phiri anabwerera kwawo ku Vubwi. Anadzera pashopu ndi kachikwama kamodzi, n'kundiuza zolemba: akuthokoza mkonzi chifukwa cha kudekha kwake, mitu yotsala kulibe, ndipo maso awo sangathenso kuyambiranso. Ndinafunsa ngati ndifotokoze zimene zinachitika. Anati ayi, za kumudzi kwa akazi awo sizipita ku Lusaka.

Yankho linabwera iwo atapita kale. Osindikiza anati sasindikiza theka la buku. Ndinalipulinta ndi zilembo zikuluzikulu mwa chizolowezi, koma wolipatsa panalibe.

Ndikadali pa shopu yomweyo. Masiku ano munthu akanditulutsira pepala lolemba pamanja, limayamba ladutsa pa sikana tisanapatsane ndi moni yemwe. Akandiuza kuti mapepala ena onse ali kunyumba, osungidwa bwino, ndimamufunsa kuti ali m'sutikesi ya yani. Ena amakwiya. Akwiye.