Kadontho Kofiira pa Foni ya Mayi Zainab

Mayi Zainab a ku Chia, ogulitsa chambo m'mbali mwa msewu, ng'ona saziopa, koma foni imawanjenjemeretsa. Kuwerenga sadziwa. Amuna awo, a Idrisa, atatopa ndi kufunsidwafunsidwa, anatenga penti wa zikhadabo n'kudontheza kadontho kofiira pagalasi la foniyo, pakona pomwe pankakhala kamuvi kobwerera m'mbuyo.

"Ukasokera, uzidina apa," anatero.

Ndiye basi. Mayiwo akangolowa kosadziwika, chala chinkathamangira pakadontho paja. Ife oyandikana nawo nyumba tinkawaseka kuti foni yawo yatuluka chiphuphu.

A Idrisa anamira panyanja nthawi ya mphepo ya mwera. Chinatsala ndi uthenga wamawu umene anatumiza asanakankhe bwato, ndipo Mayi Zainab ankaumvera tsiku ndi tsiku.

Ali pa eda, nyengo imene wamasiye wachisilamu sachoka pakhomo, pulogalamu ya mauthenga ya pafoniyo inadzisintha yokha. Kamuvi kanasamukira pamwamba, pakadontho paja n'kubwera batani lofufutira. Iwo akanadziwa bwanji? Atamvera uthengawo, anadina pomwe ankadina masiku onse. Panatulukira kabokosi kachilendo ka mawu achingerezi, kali ndi kachithunzi ka bini.

Anandikuwira. Ndinawapeza pakhonde, foni ili pachikhatho, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, ndawafufuta bambo? Ayi, musakhudze!"

Inenso Chingerezi changa n'chopatsira moni basi. Mabatani anali awiri, ndipo limodzi mwa awiriwo likanameza mawu a malemuwo. Batire nalo linali litafiira.

Ndinathamangira kumsika kukaitana Fahad, wokonza mafoni, koma ndinapeza kanyumba kake n'kotseka. Linali Lachisanu, anali kumzikiti. Ndinadikira panja ndikungopondaponda, ndikuona ngati mapemphero a swala a tsikulo sadzatha.

Titafika, mayiwo anali asanasunthe. Dzanja lonyamula foni linali likadali m'mwamba, linalo litachirikiza chigongono.

Fahad anasuzumira, n'kudina batani lakumanzere. Kabokosi kanachoka.

"Uthenga ulipo, mayi, sunafufutike. Koma kamuvi kasamuka, dikirani ndikusonyezeni."

"Zimenezo mawa, mwanangu. Ndiwamve kaye."

Fahad anautsegula. Mawu a Idrisa anamveka, mafunde akuwomba chapatali: "Zainab, mphepo ikuvuta, koma tikupitabe. Usagone ndi njala chifukwa chodikira ine."

Apa m'pamene mayiwo anatsitsa dzanja lija n'kuyamba kulira.