Zitini Ziwiri za Phula

Amene anagwirako ntchito pa depoti ya thonje ku Katete m'zaka za m'ma 1980 sangaiwale tinsalu tina tolimba ngati chikopa chofufuta, tonunkhira uchi, timene anthu ankakulungiramo kamba wa masana. Ankatitcha tiyunesi, potengera dzina la mayi amene anatiyambitsa, Yunesi Mbewe.

Yunesi anabadwira kufupi ndi Vubwi, mwina mu 1944, mwina chaka chotsatira, pakuti kalata yake ya ubatizo inadyedwa ndi chiswe. Atate ake anali ofula njuchi, ndipo anali ndi ming'oma ya makungwa m'mitengo mpaka kumalire. Ntchito ya Yunesi ali mtsikana inali kufinya zisa. Uchi unkapita kumsika, koma phula ankangoliumba mibulu n'kuliponya kuseri kwa nkhokwe, kudikira tsiku limene chidebe chidzabooke. Sukulu analekezera Sitandade 3. Mu 1969 anakwatiwa ndi Moffat Banda, wonyamula mabelo pa depoti, ndipo anasamukira ku Katete.

Kumeneko nyumba yawo inayang'anizana ndi ya a Athumani, telala wachisilamu wobadwira ku Malawi, amene ankasoka pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu waukulu. Akazi awo, Mwanaidi, amake Zainabu, ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pokwerera basi. Azimayi awiriwa anagwirizana ngati mchere ndi ndiwo. Mmawa uliwonse Mwanaidi ankadutsa pabwalo ndi phale kudzapala moto kwa Yunesi, amene ankalawirira kudzuka. Ndipo tsiku limene Yunesi anabereka Felistus, mwana wake woyamba, amene anamuperekeza kuchipatala mvula ikugwa anali Mwanaidi.

Tsono vuto la kamba linali lotere. Moffat ankachoka mmawa panjinga n'kubwera madzulo, ndiye ankanyamula mbatata yootcha kapena chikondamoyo m'pepala la pulasitiki la buledi. Zinthu zitayamba kusowa m'masitolo, buledi anasowa, pepala lake nalonso linasanduka chuma. Yunesi ankalichapa, kuliyanika pachingwe, kulichapanso, mpaka zilembo zitafufutika ndipo lokha n'kung'ambika. Masamba a nthochi ankasweka panjinga isanafike pamlatho. Atayesa nyuzipepala, Moffat anabwera kunyumba milomo ili bii.

"Anzanga andiseka tsiku lonse," anadandaula. "Akuti a Banda lero adya nkhani za dziko lonse, nanga boma likuti chiyani m'mimbamo?"

Yankho linabwera pamutu pa mlongo wake wa Yunesi, amene anafika kuchokera ku Vubwi ndi chidebe cha uchi chovundikira ndi kansalu kakale. Kansaluko kanali katamwa phula panjira, kali gwa. Yunesi pofuna kukachapa anathirapo madzi, koma madziwo anangogubuduka ngati pa tsamba la koko. Anathiranso. Anakapinda ngati chikho n'kudzazamo madzi, osadontha!

"Atate ake Felistus! Tabwerani, thamangani!"

Moffat anatuluka ndi mpini m'manja, poganiza kuti ndi njoka.

Sabata imeneyo Yunesi sanakhale pansi. Anasungunula phula m'chitini cha mafuta ophikira n'kuviikamo kansalu. Koyamba kanauma ngati thabwa, kanathyoka popinda. Kachiwiri kanamata m'manja. Anayesa, nayesa, mpaka anapeza muyeso wake: phula losefa kawiri, supuni ya mafuta a mtedza, ndi kambulu ka utomoni wa mtengo wina umene atate ake ankamatira mipini. Kansalu kotero kankapindika mofewa, ndipo ukakafumbata pang'ono, kutentha kwa manja kunkamata m'mphepete mwake. Nyerere zosalowa, fumbi losalowa. Muyesowo sanauze munthu, ngakhale Moffat.

Nanga nsalu akanaitenga kuti, m'masitolo muli mbee? Mwanaidi ndiye anabwera ndi mtolo wa zidutswa zotsala pa makina a amuna ake.

"Tengani, aNambewe, kwathu zikungosungira makoswe. Koma mundipangire tanga tisanu ndi kamodzi, ndipo musandipatse tamaluwa ofiirawo, ndi malaya a apongozi anga amenewo."

Moffat atafutukula chikondamoyo chake pansi pa mtengo wa pa depoti, chili chofewa ngati chongophula kumene, anthu anamuzungulira. Wina ananunkhiza, wina anathirapo madzi a m'botolo kuti aone yekha. Pofika Loweruka panali mzere pakhomo pa Yunesi. Anabwera aphunzitsi, anabwera madalaivala a mabasi a ku Lusaka, anabwera amayi a Chigwirizano cha mumpingo ochokera ku Mkaika, ndi wina wa ku Sinda amene anati anakaona kansalu kotero m'basi ndipo sanagone tulo. Chingwe cha pabwalo chinkachita kuwerama ndi tinsalu tamitundumitundu. Aliyense Yunesi ankamulangiza mawu omwewo, chala chili m'mwamba:

"Madzi otentha ayi! Ozizira okha, ndi sopo pang'ono. Osakaika padzuwa. Kakayamba kutuwa pakatha miyezi itatu, mubwere nako ndidzakaviikenso."

Kuviikanso kumeneko Moffat ankakutcha ubatizo wachiwiri, ndipo Yunesi ankamukalipira kuti abusa akamva adzawadula onse awiri. Kansalu kamodzi kankatha chaka ndi kupitirira. Koma m'kuviikanso momwemo ndi mmene munabisala tsoka.

Linali Loweruka mmawa, mwezi wa Juni, mu 1986. Mwanaidi anabwera ndi tinsalu take tonse kuti tiviikidwe kachitatu, ndipo anakhala pamphasa akusimba za mkangano wa pokwerera basi. Yunesi, akuseka, anatola kansalu kamene kanali pamwamba pa mulu n'kukamiza m'chitini. Pamwamba pa phula panayandama timaso ta mafuta, ndipo m'nthunzi munatuluka fungo limene silinali la uchi.

Mwanaidi analeka nkhani pakati.

"ANambewe, kansalu kameneko ndi ka yani?"

Yunesi anayang'ana. Kanali ka a Mathews, amene ankawotcha nyama ya nkhumba kuseri kwa malo omwera mowa. Ankabweretsa tinsalu tawo kawirikawiri chifukwa mafuta ankadya phula msanga. Chitini chinali chimodzi chomwecho chiyambire. Tinsalu ta Mwanaidi tinali titalowamo kawiri, ndipo m'mwezi wa kusala umene unali utangotha, a Athumani ankamasula kusala kwawo madzulo ndi zitumbuwa zokulungidwa momwemo. Yunesi sanaganizepo ngakhale tsiku limodzi. Kwa iye phula linali phula.

Akanatha kunena kuti ndi ka aphunzitsi, munali nyama ya mbuzi. Mawuwo anafika mpaka pamilomo.

"Ndi ka a Mathews," anatero.

"A Mathews a nkhumba?"

"Omwewo."

"Ndipo chitini n'chomwechi? Masiku onse?"

"N'chomwechi, amake Zainabu. Sindinadziwe, ayi, ndinene zoona: sindinaganize."

Mwanaidi sanakalipe. Anaika tinsalu take pansi, napukuta manja m'chitenje, nadutsa pabwalo osacheuka. Mmawa mwake Yunesi anakoleza moto monga mwa masiku onse, ndipo anamuona mnzake akutuluka ndi phale, n'kukhotera kunyumba ina.

Zidutswa za nsalu zinaleka kubwera, chingwe chinayamba kupepuka. Koma chimene chinkamudya Yunesi chinali phale lija.

"Mukanangoti ndi ka aphunzitsi," anatero Moffat. "Akanadziwa ndani?"

"Inu, mukanamva kuti munthu wakhala akukudyetsani chimene mumasala, n'kukunamizaninso pamwamba, mukanamwanso madzi kwake?"

"Ndiye muwapangire tina tatsopano."

"Angatikhulupirire bwanji? Atiyang'ana, aona manja anga ndi chitini changa."

Atangonena zimenezo anaomba m'manja kamodzi mpaka nkhuku zinabalalika. Yankho analinena yekha! Anatumiza uthenga ku Vubwi kuti mlongo wake abweretse phula latsopano, losakhudza chiwiya chilichonse cha m'nyumba mwake. Anapita kwa wokhoma zidebe kumsika n'kupangitsa chitini chatsopano. Anasinja mtedza mu mtondo wobwereka kwa Asilamu ena a kumapeto kwa mzere. Lachinayi lina masana anasenza zonse m'lichero, nadutsa pabwalo, nagwada pakhomo.

"Odi, amake Zainabu."

Mwanaidi anatuluka, manja ali ndi ufa. "Ngati ndi tinsalu, sitikufuna."

"Si tinsalu. Ndabwera ndi muyeso."

"Muyeso wanji?"

"Umene sindinauze ngakhale atate ake Felistus. Ine sindigwira kanthu. Ndikhala apa, manja kumbuyo, inu muzichita."

Mwanaidi anayang'ana licherolo nthawi yaitali. Ankadziwa kuti amayi angapo anayesapo kumunyengerera Yunesi kuti aulule, iye n'kumangoseka. Kenaka ananyamula chitini, nachitembenuza, nachinunkhiza.

"N'chatsopano," anatero Yunesi.

"Ndamva." Koma anachitsukabe kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga amachitira Asilamu ndi chiwiya chodetsedwa, ndipo ankawerenga mokweza kuti mnzake amve bwino. Yunesi anapirira mpaka kachisanu ndi chiwiri, ali duu.

Phula litasungunuka, mphunzitsi analephera kukhala chete.

"Chepetsani moto! Mafuta supuni imodzi, imodzi yokha! Imeneyo ndi supuni kapena fosholo?"

"Munati manja kumbuyo, simunati pakamwa patsogolo."

Kansalu koyamba kanatuluka kali gwa. Mwanaidi anakagogoda ndi chala, kanalira ngati chitseko. Anayesa kudziletsa, milomo ikunjenjemera, koma anaphulika nako kuseka, Yunesi nayenso, mpaka misozi. Kachitatu kanapindika bwinobwino. Mwanaidi anakulungamo zitumbuwa ziwiri, anafumbata, n'kuthirapo madzi. Madziwo atagubuduka anakuwa ngati mwana, kuitana a Athumani amene anali atangofika kudzadya.

A Athumani anakatembenuza kansaluko uku ndi uku, mwaulemu wawo wa nthawi zonse, nati, "Koma tikayanika pabwalo pano tinsaluti timafanana. Mawa tisinthana ndi a Banda osadziwa." Anaganiza pang'ono. "Tathu ndizitipendera ndi ulusi wobiriwira. Ngakhale wa maso ofooka aziona."

Kuyambira pamenepo zitini zinakhala ziwiri, china tsidya lino la bwalo, china tsidya lija. Asilamu a m'masitolo, amene ambiri ankakayikira kale, anayamba kugula ta ulusi wobiriwira, ndipo Mwanaidi anaphunzitsanso mphwake wa ku Sinda. Makasitomala ena a Yunesi anasamukira komweko, poti ta Mwanaidi tinali topendera bwino. Moffat ankati mkazi wake anagawa munda pakati ndi manja ake. Yunesi anawapezera a Mathews kachitini kawokawo ka nsomba, ndipo iwo ankadandaula kuti awatulutsa mumpingo.

Mapepala a pulasitiki atadzabwereranso m'misika, ntchitoyo inazirala pang'onopang'ono, monga zimathera ntchito zambiri. Koma Yunesi akamasimba za moyo wake sankayambira pa mzere wa anthu pakhomo, kapena pa madalaivala a ku Lusaka. Ankayambira pa Lachisanu lija, mmawa wotsatira tsiku la chitini chatsopano. Anali akuuzira moto, maso akulira ndi utsi, pamene anamva mapazi pabwalo. Mwanaidi anaponya mtolo wa zidutswa pamphasa, natambasula dzanja lina lili ndi phale.

"Ikanipo makala abwino, aNambewe. Moto wa kwa anthu aja umazima usanafike pakhomo."