Kasikuta Kamene Kanamwa Madzi a ku Kanyama

M'mawa wina wa mwezi wa Januwale, mnyamata wina dzina lake Obed anaima pakati pa msewu ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, madzi akumulekeza m'mawondo. Anali atagwira kasikuta kake kofiira, kanjinga kamoto kotchipa kochokera ku China, ndipo kanali katazima. Anaponda kiki yolizira injini mpaka mwendo kuuma, koma kanangotsokomola kamodzi n'kulavula madzi akuda.

Pambali pake panaima mlongo wake wamng'ono, Tiwo. Bulauzi yoyera imene anasita dzulo lake inali ndi mzere wa matope kumsana, kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Tsiku limenelo ankamudikira kusukulu ya unamwino kuti akayankhe mafunso olowera sukuluyo, ndipo anali atauzidwa kale kuti wochedwa asavutike n'kugogoda.

"Ba Obed, kazalila?" anafunsa Tiwo.

"Yembekeza chabe pang'ono, kazalila manje manje."

Sikanalire.

Inu amene mwabwera kudzafuna mawu olimbikitsa, ndikuuziranitu kuti nkhani iyi si yotsekemera yonse. Obed anadzuka ndithu, lero ndi munthu. Koma pali chimene anagwetsa m'madzi amenewo, ndipo mpaka pano sanachitole.

Kasikutako kanabwera pakhomo chifukwa cha mayi ake, amene ankakazinga zitumbuwa. Bambo ake, mwana wa munthu amene anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito ku Lusaka, anali atamwalira kale. Itafika nthawi yoti mayi akewo alandire chilimba, chija amayi a pamsika amasonkherana n'kumapatsana mosinthana, mayiwo anasiya malata odontha ali choncho. Anati bola agule kanjinga koti Obed azikaperekera zitumbuwa m'mashopu zidakali zotentha.

Kanali kanthu kabwinobwino, kofatsa, kosamwa mafuta. Mlandu wake unali umodzi basi, sikankamveka. Obed akadutsa pamalo ometera tsitsi, anyamata okhala pamenepo sankatembenuka n'komwe, ndipo zimenezo zinkamudya mumtima.

Ndiye panali mnzake Kasoma, katswiri wa chilichonse koma pakamwa pokha. Iyeyu anayamba kumuonetsa mavidiyo a pafoni, a anyamata a kumayiko akutali akuthamangitsa masikuta otsika, olira ngati ziphaliwali.

"Boyi, ka honda kako kalila monga mashini yotungila," anatero Kasoma, paja kuno njinga yamoto iliyonse amaitcha honda. "Tiye tikapange kankhale kamwamuna."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo. Anadula paipi ya utsi. Anachotsa bokosi losefa mpweya n'kuikapo kasefa konyezimira kopanda chivundikiro, pafupi ndi tayala lakumbuyo. Anatsitsa mashoko mpaka mimba ya kasikuta kutsala pang'ono kukhudza pansi. Madigadi anagulula, kaliyala anataya, ndipo chivundikiro cha lamba woyendetsa tayala anachiboolaboola kuti anthu aziona zinthu zikuzungulira m'katimo.

"Manje vitumbuwa uzaika pati?" anafunsa mayi ake.

"Pamusana, Amai. Osadandaula."

Kunena zoona, kankalira. Agalu a ku Kanyama anamudziwa, ana ankamuthamangira, ndipo abusa a tchalitchi cha pafupi ankaima kaye ulaliki kuti adutse. Obed anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mnyamatayu anabadwira ku Kanyama konkuno. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti pansi pathu ndi thanthwe, mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Amakhala m'misewu, amalowa m'nyumba, amakwera mpaka pabedi. Koma Obed ankakonza njinga yake akuyang'ana msewu wa m'foni, osati wa pakhomo pake. Sanafunse munthu aliyense wodziwa injini, ndipo paja safunsa anadya phula.

Tsiku la Tiwo litafika, mvula inali itagwa masiku angapo osakata. Mabasi anali atasiya kulowa m'kati, ankangothera kumsewu wa tala. Mayi anali atakonza kale nzeru yawo: Tiwo avale jombo, akwere wilibala ya anyamata owolotsa anthu pamadzi, akafike kutala, akwere basi. Anthu onse ankayenda choncho.

"Mulongo wanga akwele wilibala monga saka ya malasha?" anatero Obed. "Awe. Nizamufikisa neka, pa geti penipeni."

Tiwo anayang'ana mayi ake, kenako anayang'ana pansi. Mwana wolemekeza achimwene ake sakanatha kukana. Ndipo tisabise, Obed ankafunanso kuti atsikana a kusukulu ya unamwino amve kulira kwa njinga yake.

Sanapite patali. Tayala lopanda madigadi linayamba kumuponyera Tiwo matope kumsana. Atafika pamalo otsika, kasefa konyezimira kaja kanayamwa madzi, injini n'kuzima. Anataya nthawi yaitali akuponda kiki, Tiwo akudikira chifukwa achimwene anati adikire. Mmene Tiwo ankayamba kuyenda pansi, mawilibala onse anali atanyamula ena. Atafika kutala, makondakitala ankamuona matope n'kumudutsa. Anapeza geti atatseka.

Anamuuza kuti adzayesenso chaka chamawa. Koma chaka chamawacho mayi anagwa, mbali imodzi ya thupi n'kufa, ndipo chiwaya cha zitumbuwa chinagwera m'manja mwa Tiwo. Mayi atamwalira, Tiwo anakwatiwa, ana n'kubwera. Za unamwino zinathera pomwepo.

Tiwo sanamutukwanepo Obed ngakhale tsiku limodzi. Akanamutukwana mwina zikanapepuka. Ankangomupatsa moni waulemu, kumuikira chakudya, basi. Koma kuyambira tsiku lija sanakwerenso njinga yamoto ya munthu aliyense.

Obed anasanduka choseketsa. Ana omwe aja ankamuthamangira anamupatsa dzina loti Ba Bwato. Kasoma anasowa ngati mame. Kasikuta kanakhala kuseri kwa nyumba miyezi yambiri, mpaka nkhuku ya aneba inayamba kuikira mazira popondera mapazi. Mwini wake ankangogona masana, akadzuka n'kukapempha kaganyu konyamula njerwa.

Tsiku lina anaona Tiwo akubwera kuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu, utsi wa chiwaya utamufiiritsa maso. Manyazi anamugwira kuposa masiku onse. M'mawa mwake anathamangitsa nkhuku ija, n'kukankha kasikuta wapansi mpaka ku Chawama, kwa mkulu wina wokonza njinga zamoto dzina lake Ba Katongo.

Ba Katongo anatsegula injini, n'kupeza chitsulo cha m'kati chitapindika, dzimbiri lili mbuu.

"Mufana, iyi injini inamwa manzi. Nindani anakachita so?"

"Ni ine, mudala."

"Unkhala kuti?"

"Ku Kanyama."

Mkuluyo anaseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi anati, "Unkhala mu manzi, koma honda unapangila maso ya bantu. Manje pangila njila yamene upitamo. Kwanu manzi yafika pati?"

Obed analoza m'mawondo.

"Ndiye vonse vamene vipema vinkhale pamwamba pa apo."

Anakhala kwa Ba Katongo ngati wophunzira. Ankasesa, ankatsuka zitsulo m'palafini, ankapereka masipanala. Madzulo, ntchito za eni ake zikatha, ankagwira kasikuta kake. Anabwezera madigadi, anabwezera kaliyala, anafunafuna paipi ya utsi yabata ngati yoyamba ija. Anaika mashoko aatali kuti kakwere m'mwamba. Kenako analumikiza paipi yaitali yoti injini izikokera mpweya kumtunda, kumbuyo kwa mpando.

Musaganize kuti zinatheka tsiku lomwelo. Paipi yoyamba inali ya mphira yothirira maluwa, inafewa ndi kutentha n'kutsamwitsa injini. Atasintha, madzi analowa kwa lamba, injini n'kumangolira njinga osasuntha. Atamata chivundikiro cha lamba, madzi anapeza njira yopita kupulagi. Ulendo uliwonse ankabwerera akukankha, ana akuimba "Ba Bwato, Ba Bwato" kumbuyo kwake. Dzinja lonse linatha choncho. Ankafika kunyumba atanyowa, n'kudzuka m'mawa kukamasulanso.

Dzinja lotsatira, mvula itagwa yamphamvu, anthu anaona chinthu chachilendo chikubwera pamalo otsika paja. Chinali chonyansa, chamiyendo yaitali, chokhala ndi paipi yotuwa kumbuyo ngati chumuni. Chinalowa m'madzi mwakachetechete, n'kutulukira tsidya lina chikulirabe. Anyamata a mawilibala anasiya kuseka.

Kuyambira pamenepo ntchito inamupeza yokha. Mabasi akathera kutala, Obed ndiye ankalowetsa buledi m'mashopu. Ankanyamula aphunzitsi, ankanyamula mankhwala a okalamba, ndipo kangapo konse anafikitsa amayi oyembekezera kuchipatala nthawi idakalipo. Ena okhala ndi masikuta otchipa anayamba kumubweretsera kuti awakonzere chimodzimodzi. Lero ali ndi malo akeake okonzera njinga pafupi ndi msewu wa tala, ndipo pachitseko analembapo dzina lija ankamunyoza nalo, Ba Bwato. Mnyamata akabwera kuti amudulire paipi ya utsi, Obed amamubweza ngakhale atanyamula ndalama zingati.

Zinthu zitayamba kuyenda, anapita kwa Tiwo. Anamupeza akutembenuza zitumbuwa, mwana ali kumbuyo.

"Tiwo, bwelela ku sukulu. Vonse nizalipila ine."

Tiwo sanadzutse mutu. "Zikomo, Ba Obed. Ndalama muli nazo. Nanga zaka muzanigulila kuti?"

Obed anatembenuka n'kubwerera. Akuluakulu sananame, madzi akatayika saoleka. Ankatha kuwolotsa Kanyama yense, koma munthu mmodzi amene ankafunitsitsa kumuwolotsa ankayendabe wapansi, atavala jombo.

Panapita zaka zingapo. M'mawa wina wa mvula, Obed akumanga tayala, anaona jombo ziwiri zitaima pakhomo pa malo ake. Atakweza maso anaona Tiwo, atavala bulauzi yoyera, chitenje atakulunga pamwamba. Kuchipatala china chaching'ono ankafuna amayi oti awaphunzitse kuthandiza anamwino, kuyeza ana sikelo ndi kuyendera odwala m'makomo. Tiwo anali ataitanidwa m'mawa womwewo, ndipo madzi anali atatseka njira.

Analoza kasikuta kakale kaja, kamene Obed sanakagulitse.

"Ba Obed, kazafika?"

"Kazafika."

"Mukambe zoona. Nthawi ija munakamba chimozimozi."

"Nthawi ija nenze kufuna bantu banione. Lelo nifuna chabe ufike."

Tiwo anakwera. Obed anayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Atafika pamalo otsika paja anamva zala za mlongo wake zikumufinya m'mapewa. Madzi anakwera, kasikuta kanapitirira, ndipo anatulukira kutala. Pageti la chipatala Tiwo anatsika, Obed n'kuyang'ana kumsana kwake. Bulauzi inali yoyera mbee.

Nthawi yomweyo panadutsa anamwino awiri atavala yunifolomu, amsinkhu wa Tiwo, akuseka nkhani zawo. Tiwo anawatsatira ndi maso mpaka analowa.

"Nikanankhala nesi monga baja," anatero motsitsa mawu.

"Niziba, Tiwo. Ni ine ninalakwa."

"Ninakukhululukilani kale, Ba Obed. Kuibala chabe ndiye kunakanga." Anakonza chitenje chake. "Mubwele munitenge nikasiliza."

Obed anakhala pakasikuta pageti pomwepo, mwamuna wamkulu wandevu, n'kulira anthu akuona.

Tiwo anamulemba ntchito ija. Lero amayeza ana sikelo ndipo amayi a m'dera amamukonda. Si namwino, ndipo sadzakhala namwino. Mvula ikagwa, achimwene ake amasiya ntchito iliyonse imene ali nayo m'manja n'kukamudikira pakhomo asanaitanidwe.

Ndiye inu amene mwagwa chifukwa cha nzeru zanu zomwe, amene anthu akupatsani dzina lokunyozani, dzukani mukankhe chimene chinakugwetsanicho mupite nacho kwa odziwa. Mudzalephera kangapo, ana adzakuimbani nyimbo, koma osataya mtima. Mwina simudzabweza zonse zimene munawononga, komabe chotsalacho n'choyenera kuchivutikira.

Ndipo inu amene simunagwe, amene mwagwira sipanala m'manja kuti anthu a pamalo ometera tsitsi akutembenukireni, yambani mwayang'ana njira ya pakhomo panu. Kenako cheukani, muone amene wakhala kumbuyo kwanu atavala bulauzi yoyera.