Khoma la Matayala la a Egbert

Kwathu ku Haarmaat, kuno ku Twente, munthu sagogoda kumaso. Umazungulira nyumba, kudutsa pakhola, kukankha chitseko chakukhitchini n'kufunsa ngati muli anthu. Chitseko chakumaso chimatsegulidwa polowa mkwatibwi ndi potuluka bokosi la maliro basi. Cha a Egbert Oude Weernink chinatsegulidwa tsiku limene tinanyamula akazi awo, a Riek, ndipo ndine amene ndinayenda khomo ndi khomo kulengeza malirowo. Imeneyo ndi ntchito ya neba woyamba, ufune usafune. Dzina langa ndine Dinie, ndipo ndakhala kuseri kwa mpanda wawo zaka makumi anayi.

A Egbert anabadwira pafamu yomweyo. Anayamba kukama ng'ombe ali ndi zaka khumi ndi zinayi, n'kumakama kawiri patsiku mpaka tsitsi linayera. Kunyanja anapitako kamodzi, pokakamizidwa ndi a Riek, koma pofika masana anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ukawafunsa kuti ali bwanji ankangoti, "Tilipo," ndipo tsiku limene mwana wawo wamkazi anabadwa anawonjezera kuti, "Tilipo atatu."

Chimodzi chimene sankakana ndi tayala. Alimi a kuno amaunjika udzu wodyetsa ng'ombe m'nyengo yozizira, n'kuufunditsa pulasitiki wakuda, n'kupsinja ndi matayala otha kuti mphepo isaulutse. Amagalaja ankadziwa kuti kwa a Egbert n'kotayira kwaulere. A Riek ankakalipa, iwo n'kumati, "Adzagwira ntchito." A Riek atamwalira, mwana uja atanenetsa kuti sangasiye ntchito yake m'tauni kudzaweta, mawondo nawo atayamba kuvuta, a Egbert anagulitsa ng'ombe zonse. Anatsala ndi khola lopanda kanthu ndi phiri la matayala losunga madzi amvula ndi udzudzu.

Pamenepo m'pamene ndinayamba kuda nkhawa. Makatani awo ankafika 10 koloko asanatsegulidwe, kwa munthu amene moyo wake wonse ankadzuka mbandakucha. Ndikawapititsira supu, poto ndinkakamupeza mawa lake atangolawako. Sankadwala matenda oti dokotala angawatchule dzina. Anangosowa chodzukira.

Chaka chimenecho holo yathu yakale inatsekedwa chifukwa denga linawola. Kenako tinamva kuti boma lili ndi thumba la ndalama zothandizira nyumba zomangidwa ndi zinthu zotayidwa, makamaka matayala, m'malo mwa njerwa ndi simenti. Kamangidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Umagoneka tayala, kuyala katoni pansi pake, kuthira dothi mawilibala atatu, n'kumenya ndi hamala yaikulu mpaka tayala litatupa n'kuuma gwa. Ukamaliza mzere umodzi umasanja wina pamwamba. Khoma lake limasunga kutentha, ndipo silifuna munthu wophunzira, limafuna mapewa. Ife matayala tinali nawo, dothi tinali nalo. Chimene sitikanatha patokha ndi denga, magalasi ndi magetsi.

Wapampando wa komiti yathu yomanga holo yatsopano anali Tonnie Brinkhuis, amene kale ankayendetsa galimoto yogawa buledi, munthu wapakamwa. Ine ndinali mlembi. Fomu yake inali ya masamba makumi awiri ndi atatu, ndipo ndinailemba ndekha mu Epulo. Anati yankho lidzabwera mu Okutobala. Patsamba la khumi ndi limodzi panali chiganizo chimodzi, chakuti ntchito isayambe kalata yovomereza isanafike. Ndinachiwerenga. Sindinganame kuti sindinachione.

Mu Julaye kunauma bwino. Udzu unali utadulidwa kachiwiri, mathirakitala ali phee m'mashedi. Tsiku lina m'mawa ndinangomva nsapato zamatabwa kukhomo lakukhitchini. Anali a Egbert, atameta ndevu.

"Aneba, matayala aja muwafuna liti?"

"Kalata ikabwera, a Egbert."

"Dothi lili bwino sabata ino," anatero, akuyang'ana kunja. Khofi anamwa makapu awiri, n'kudya buledi wamphesa zidutswa zitatu.

Pamsonkhano ndinaitchula nkhani ya tsamba lija. Tonnie anaseka mpaka kutsokomola.

"Dinie, iwe ukuganiza kuti anthu a m'maofesi ali ndi nthawi yodzawerenga matayala kuno kumatope? Mu Okutobala dothi limakhala phala. Tizidikira pepala dzuwa likuwala? Agogo athu pomanga nkhokwe ankapempha chilolezo kwa ndani?"

"Kalelo kunalibe amene ankawapatsa ndalama," ndinatero.

"Ndiye tiwathandize kuyamba, aona kuti sitine aulesi."

Anthu anagwedeza mitu movomereza. Kuno neba akafuna kumanga, umabwera nyengo ikalola, sudikira kuitanidwa. Kukhala manja ali m'thumba kunja kuli kouma ndi chinthu chochititsa manyazi. Ine ndikanatha kuumirira, pakamwa ndili napo. Koma ndinayang'ana kumbuyo komwe kunakhala a Egbert, chipewa chili pabondo, nkhope ili ya munthu wamoyo, ndipo ndinapinda pepala lija n'kuliika m'chikwama.

Masabata asanu ndi awiri amene anatsatira sindidzawaiwala. Ena ankabwera Loweruka kapena akaweruka kuntchito. A Egbert ankabwera tsiku lililonse kupatula Lamlungu, 5 koloko m'mawa, nthawi yawo yokama. Ndili kukhitchini ndinkamva hamala ikulira, di, di, di, ndipo mtima wanga unkakhala m'malo. Tayala lililonse ankalidziwa. Ankatha kuloza limodzi n'kunena kuti ili linachokera pagalimoto ya dokotala wakale wa ng'ombe. Munthu akamenya mwaulesi ankabwera n'kuponda ndi chidendene.

"Tonnie, ili ukuti wamenya?"

"Ndamenyatu, mkulu."

"Ukuliopa ngati buledi. Patuka."

"Mudzathyoka msana, nkhalamba inu, ndipo ine sindikunyamulani."

"Udzandinyamula. Ndiwe neba wachitatu."

Mapewa ankawapweteka, ndinkaona mmene ankavutikira kuvala jekete. Koma ankadya, ankaseka, ndipo tsiku lina ndinawamva akuimba mluzu. Pofika mu Seputembala khoma linali litazungulira mbali zitatu, lalitali kuposa munthu, ndipo oposa theka la matayalawo anamenya ndi iwo.

Mayi wa kuofesi ya thumba lija anabwera Lachiwiri lina, kudzaona malo asanagamule. Dzina lake anali Marloes, wamng'ono ndithu, ndipo anabwera pa njinga yobwereka kusiteshoni. Tonnie anamulandira monyadira n'kumutsogolera kukhoma. Mayiyo analigwira, analikankha, anati sanaonepo lomenyedwa bwino chonchi. Kenako nkhope yake inagwa.

"Pepani, limeneli mwayamba liti?"

"Mu Julaye," anatero Tonnie. "Sitigona kuno."

Mayiyo anatembenukira kwa ine. "Ndinu amene munasaina fomu, mayi?"

"Ndine."

"Tsamba la khumi ndi limodzi munaliona?"

Ndinati ndinaliona. Anafotokoza mofatsa kuti ndalama za boma zimaperekedwa pa ntchito imene sikanachitika popanda izo, ndipo yoyambika kale amaiyesa kuti eni ake angathe okha. Tonnie anafunsa ngati sangangolemba kuti anapeza thengo. Mayiyo anati zithunzi zathu zili kale m'nyuzi yam'dera, Tonnie ali kutsogolo atanyamula hamala. Anati chimene angatichitire n'chimodzi: tibweze pempholi, tidzapemphenso mu Januwale, koma malowo adzapezeke opanda kanthu. Ndinkafuna kumuda mtsikana ameneyo, koma ndinalephera. Anakana ngakhale khofi, chifukwa cha manyazi.

A Egbert nthawi yonseyi anali kumapeto kwa khoma, akumenya. Sanamve kanthu, ndipo palibe amene anapita kukawauza.

Msonkhano unachitikira m'shedi ya Tonnie Lachisanu masana. Ena anati tisiye khoma liime, denga tidzasonkhe tokha, koma mudzi wa mabanja makumi asanu ndi limodzi sungagule magalasi amenewo ngakhale m'zaka khumi, ndipo khoma la dothi lopanda denga silipirira nyengo ziwiri zamvula. Povota zoti khoma ligwetsedwe, manja anakwera. Langa linakwera nawo. Kenako Tonnie, amene pakamwa pake sipauma, anangoti zyoli n'kulankhula chapansipansi.

"Dinie, neba woyamba ndiwe."

"Poseka paja unali wekha," ndinatero. "Lero wakumbukira mwambo?"

Ndinapsa mtima kwambiri, koma ndinkadziwa kuti ndikupsera mtima munthu amene ndinamulola ndekha.

Ndinapita kunyumba n'kuvala jasi yanga yakuda yolengezera maliro. Nditafika pampanda wawo miyendo inakana kuzungulira. Kukhitchini akanandithirira khofi, n'kuyamba kundiuza za mzere womaliza, ndipo ine ndikanamwa khofiyo n'kubwerera osanena kanthu. Ndinayenda kanjira kakumaso kamene kanamera ndere, n'kugogoda. Panapita nthawi. Ndinamva akulimbana ndi loko, pakuti chitsekocho chinali chitatupa chitsekereni tsiku la a Riek. Atatsegula anandiyang'ana, anayang'ana jasi, anavula chipewa.

"Ndani?"

"Palibe amene wamwalira, a Egbert. Ndi khoma."

Ndinawauza zonse nditaima pakhomopo, ndi zoti ndinkadziwa kuyambira mu Epulo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira.

"Ndiye likagwa, denga libwera?"

"Akuti mwina."

"Ndipo adzalimenyanso."

"Tidzalimenya tonse, inu mukutilangiza."

Anagwira phewa lawo lamanja. "Mapewa awa anali a khoma limodzi, aneba." Anavala chipewa. "Muwauze asabwere ndi makina, ang'amba matayala. Ndiphwasula ndekha."

Anaphwasuladi okha, Okutobala yense, mvula ikuwavumba. Tayala lililonse ankaligwetsa ndi thirakitala yawo yakale, kukumba dothi ndi fosholo, n'kulisanja pambali molingana ndi kukula kwake, kuti odzamanga asadzavutike kusankha. Tonnie anapita kawiri kukathandiza, kawiri konse anam'bweza mwaulemu. Atamaliza anasalaza malowo ndi kufesa udzu, kuti wa kuofesi adzapeze monga anafunira. Hamala anaitsuka n'kudzaitsamiritsa pakhomo langa lakukhitchini ine kulibe.

Makatani anayambanso kuchedwa. Supu inayambanso kubwerera. Ndinkapita m'mawa uliwonse ndi nkhani zopeka, kuti mpope wanga ukudontha, kuti mpanda wapendama, koma ankangoti, "Ndibwera," osabwera. Mwana wawo anabwera pa Khirisimasi n'kuwanyengerera kuti asamukire m'tauni, iwo anati aganiza. Mu Febuluwale chifuwa chinawagwira, ndipo dokotala anati munthu wamphamvu ngati iwo akanayenera kuchira.

Ndinavalanso jasi ija n'kuyenda khomo ndi khomo. Tonnie ananyamula nawo bokosi, kutsogolo kumanzere, ndipo chitseko chakumaso sichinavute kutsegula, popeza chinali chitatsegulidwapo posachedwa.

Holo ilipo lero, ndipo ndi yofunda monga ankanenera. Ana amaphunziramo nyimbo, akuluakulu amaseweramo makadi Lachinayi. Ine ndimalowamo pakakhala msonkhano basi, ndipo ulembi ndinasiya. Ntchito yanga yomaliza inali yowerengera komiti kalata imene inafika patatha masabata atatu titaika a Egbert. Inali yaifupi, yolembedwa mwaulemu. Inatiyamikira kuti malo anapezeka aukhondo, inatifunira mafuno abwino, ndipo pamzere womaliza inati tsopano tikhoza kuyamba ntchito.