Masabata Atatu M'bokosi la Machesi

Uthenga unafika pa foni Lachinayi masana: "Loweruka mubwere ndi pepala lanu." Moni panalibe.

Tinkasewera kuseri kwa shopu ya telala pa Chitakale, anthu asanu patebulo limodzi. Aliyense anali ndi munthu wake wolembedwa papepala, woyendetsa masewero ankasimba nkhani, madayisi n'kumagamula. Wanga anali msilikali wopatulika, wolumbira kuti sadzasiya mnzake pangozi. Patebulo ankaimiridwa ndi chitsekerero cha botolo. Ndinali nditamulera zaka ziwiri, kuposa zimene ndinakhala ku koleji.

Mlandu unali wa sabata yapitayo. Napolo atatsika m'phiri la m'nkhanimo, msilikali wanga anasiya sing'anga wa gulu lathu pamlatho. Sing'angayo anapulumuka, koma osati yense. Mwendo umodzi unatsalira.

Woyendetsa masewero, mayi wina kalaliki wa ku esiteti ya tiyi, ndiye anandifunsa mafunso.

"Achimwene, munathawa?"

"Ndinapita kukaitana anthu."

"Anthu ake ati?"

"Amene ndikanawapeza."

Analemba.

Mwini sing'angayo, mnzanga wa kabaza, anapempha kuti msilikali wanga aphedwe. Atelala, mapini ali pakamwa, anati angolandidwa mphamvu. Mayi aja anakana zonse ziwiri.

"Wakufa samva manyazi," anatero. "Mawa lomwe alemba pepala lina."

Chitsekerero chinatsekeredwa m'bokosi la machesi. Ndinalamulidwa kubwera Loweruka lililonse, kukhala pampando, osakhudza dayisi. Ulemunso unachotsedwa: palibe wondiitana kuti "inu" kufikira wolakwiridwayo atayamba yekha.

Loweruka loyamba, tsiku lomwelo la mlandu, atelala, munthu amene anandisokera yunifolomu ya ku sekondale, anati, "Iwe, tasuntha." Ndinasuntha.

Loweruka lachiwiri ndinangouzidwa kuti, "Iwe, mandasi." Ndinapita. Sindinamenyedwe. Tiyi ankandipatsa, ngakhale wotsalira m'ketulo.

Loweruka lachitatu ndinadandaula kuti chilango chimenechi m'buku lachizungu la malamulo a masewerowa mulibe.

"Olemba bukulo amaitana ngakhale bambo awo kuti iwe," anatero mayi aja. "Akanachidziwira kuti?"

Anandiuzanso kuti wa kabaza akapanda kufewa mwezi usanathe, pepala langa ling'ambidwa. Wa kabazayo anali kutafuna, akuyang'ana kudenga.

Ndinamasulidwa Loweruka lachinayi, mvula ikuwaza. M'nkhanimo gulu linali litazingidwa ndi achifwamba m'phanga, ndipo panalibe wina wa chishango kupatula msilikali wanga. Wa kabaza anayang'ana bokosi lija nthawi yaitali.

"Iwe…" Anakhosomola. "Inu. Tatulukani, mukaime kutsogoloko."

Palibe amene anandifunsapo tanthauzo la ufulu, koma ndiyankhabe: ndi kuponya dayisi ndi dzanja lako. Ndinaponya. Inagwa wani, nambala yotsikitsitsa. Msilikali wanga anafera pomwepo, pakhomo pa phanga, osasuntha phazi.

Atelala anachotsa mapini pakamwa, n'kuvula chipewa.

"Pepani, anthuni," anatero. "Atisiya."