Maso Ofiira pa Khonde la a Gerishon

Ku Ligowe mukatchula a Gerishon, anthu amayamba acheuka kaye. Akuti bambo ameneyu amasakaniza penti ndi magazi, n'chifukwa chake akufa amene amawajambula pa mabolodi ali ndi maso ofiira psuu, ndipo ukadutsa pakhomo pake masowo amakuperekeza mpaka kumjigo. Mwini nkhaniyi ndi mnansi wawo, a Binwell, munthu woti nkhuku ikangotsokomola amati yachita kutumidwa.

Magazi ake ati? Ndi penti yomwe ija a Gerishon akhala akulembera mayina a magolosale kuyambira pa Neno Boma mpaka ku Chifunga. Zilembo zina amazitembenuza, eti sukulu anaitsanzika msanga, koma akajambula nkhope palibe amene amafunsa kuti ndi ya yani.

Za akufazi zinayamba chaka chimene mwana wina wa m'mudzimo anamwalira ndi malungo. Maliro asanaikidwe n'komwe, anthu anati wamudya ndi a Mailesi, mayi awo a Gerishon. Umboni wake unali umodzi basi: mayiwo anali ndi maso ofiira. Anawakokera pamsewu dzuwa likuswa mtengo, miyala, zibonga, nyumba n'kuyatsa. A Gerishon anali pamakwerero ku Boma, akulemba khoma la saluni. Pofika anapeza phulusa, mayi awo ali mtembo kuchipatala. Chithunzi chokhacho cha mayiwo, cha pa chitupa cha unzika, chinapsera momwemo.

Patatha miyezi a Gerishon anazindikira chinthu chimene chinawaopsa kuposa anthu aja. Akatsinzina kuti awaone mayi awo, inkabwera nkhope yotupa imene anaiona kuchipatala. Yeniyeni ija inali kuthawa. Anatenga bolodi, kujambula, kufufuta, kujambulanso, kasanu konse. Duku linalipo, mphini za m'masaya zinalipo, koma munthuyo anali mlendo. Tsiku lina anangoviika nsonga ya bulashi mu penti yofiira n'kukhudza m'mbali mwa maso. Anakhala pansi. Anali iwowo.

Mlongo wawo Ruth ataona, analira. “Achimwene, ayeretseni masowo. Si omwewa anawaphetsa?”

A Gerishon anakana. Anamukumbutsa kuti kufiirako unali utsi wa nkhuni zaziwisi, zaka makumi anayi mayi akukazinga zitumbuwa zogulitsa pasukulu, zomwe zinawalera awiriwo. Kuufufuta kukanakhala kuvomera kuti chinalipo chobisa.

Mbiri itamveka, ena anayamba kubwera mwakachetechete ndi zitupa za okalamba awo amene anaphedwa chimodzimodzi. Lero pakhondepo pali mabolodi asanu ndi awiri, onse oyang'ana kumsewu. A Gerishon akamaliza limodzi amatha sabata osayankhula bwino, kenako n'kubwerera ku magolosale awo.

A Binwell, amene tsiku lophedwa a Mailesi lija sanali kumunda monga amanenera, masiku ano popita kumjigo amazungulira kuseri kwa tchalitchi, ulendo wa mphindi zisanu n'kukhala wa theka la ola. Mwezi watha anakumana ndi a Gerishon pamsika, ndipo poona kuti pali anthu, analimba mtima n'kufunsa ngati zili zoona za magazi zija ndi za maso otsata anthu.

A Gerishon sanatule n'komwe chitini chawo cha penti.

“Pentiyi ndi ya mugolosale, a Binwell. Maso aja amaperekeza okhawo amene anatola mwala.”